Njinga ndi Mbale: Kubweza Mphamvu ndi Kuchepetsa Mafuta pa Ukulu

M'makomo ambiri njinga yakapalasa ilipo, koma mwini wake adaisiya kalekale. Idasanduka ya ana yopitira kusukulu ndi kuchigayo, pomwe bambo kapena mayi wa pakhomopo, atangodutsa zaka 50, adayamba kudalira minibasi ndi kabaza wa njinga yamoto. Zaka zikamapita mimba ikukula, mawondo akuphwanya, kachitunda kakang'ono kakubweretsa befu, mpaka tsiku lina kuchipatala akuti BP yakwera kapena shuga wachuluka. Kabuku kano kalembedwera anthu otere pamodzi ndi onse okhala nawo, makamaka amene amagwira mthiko. Mfundo yake ndi imodzi: munthu wamkulu akhoza kubweza mphamvu zake ndi kuchepetsa mafuta a m'thupi ngati apalasa mofatsa koma kawirikawiri, n'kusintha pang'ono zimene zili m'mbale yake, ndi kusamala kuti pochotsa mafuta asatayenso minofu. Zitatuzi sizilekana. Wongopalasa osasintha kadyedwe amalimba koma mimba sichoka, wodzimana chakudya osapalasa amawonda koma amafooka, ndipo wofuna zonse m'mwezi umodzi amavulala n'kusiyira panjira.

Vuto lafika pakhomo

Kale tinkati BP ndi shuga ndi matenda a mabwana a m'tauni, koma ziwerengero sizikutero. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, udayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'zigawo zonse za Malawi, ndipo udapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ochuluka zedi mwa iwo osalandira mankhwala alionse. Patapita zaka zochepa bungwe lofufuza la MEIRU lidayeza anthu a ku Area 25 mu Lilongwe ndi a m'midzi ya ku Karonga. Lidapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni ndi 27 mwa 100 a kumudzi anali onenepa kupyola muyeso, pomwe abambo anali 18 mwa 100 m'tauni ndi 9 mwa 100 kumudzi. Kunenepa kotere kumakolezera BP, shuga, sitiroko ndi kupweteka kwa mawondo, matenda amene amadya ndalama za pakhomo mwezi ndi mwezi ndipo nthawi zina amagoneka munthu amene banja lonse limamudalira.

Mafuta oopsa kwambiri ndi amene amaunjikana m'kati mwa mimba, kuzinga chiwindi ndi matumbo. Amenewa amachititsa kuti thupi lisamamvere insulini, timadzi timene timathandiza shuga kuchoka m'magazi n'kulowa m'minofu. N'chifukwa chake tepi ya telala imanena zambiri kuposa sikelo. Dziyezeni kuzungulira mimba cha pamchombo, mutaima ndiponso musanadye. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi wakuti mimba isafike theka la msinkhu wanu: munthu wotalika masentimita 170 asapyole 85. Bambo akapyola masentimita 102, kapena mayi akapyola 88, chiopsezo chakula ndithu. Cholimbitsa mtima n'chakuti sipafunika kuwonda kwambiri kuti thupi lipindule. Ku America kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2002, adatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda enieni. Ena adalimbikitsidwa kuchotsa makilogalamu 7 pa 100 alionse a thupi lawo ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, ena adapatsidwa mankhwala a metformin. Kwa amene adasintha kadyedwe ndi kayendedwe, chiopsezo chodwala shuga chidatsika ndi 58 peresenti, pomwe kwa omwa mankhwala chidatsika ndi 31 peresenti. Amene adapindula koposa anali a zaka 60 kupita m'tsogolo, amene chiopsezo chawo chidatsika ndi 71 peresenti. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, zimenezi zikutanthauza kuchotsa makilogalamu 6 okha.

Thupi lokalamba limaphunzirabe

Achikulire ambiri amayankha kuti, "Ine ndakalamba, zimenezo n'za anyamata." M'mawuwa muli choonadi. Kuyambira cha pa zaka 30 minofu imachepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo ikadutsa zaka 60 imachepa mofulumirapo. Mtima nawo sungagunde mothamanga ngati kale. Koma gawo lalikulu la chimene timachitcha ukalamba limabwera chifukwa chosagwiritsa ntchito thupi. Akatswiri a ku King's College London ndi University of Birmingham adayeza anthu 125 a zaka 55 mpaka 79 amene ankapalasa njinga kawirikawiri, abambo otha kuyenda makilomita 100 pasanathe maola asanu ndi limodzi ndi theka, ndi amayi otha kuyenda makilomita 60 pasanathe maola asanu ndi theka. Zimene adafalitsa mu 2018 zidasonyeza kuti minofu yawo sidafote monga imachitira mwa anzawo ongokhala, ndipo chitetezo chawo cha m'thupi chinkafanana m'zambiri ndi cha achinyamata. Ku France, Robert Marchand adapalasa makilomita opitirira 22 m'ola limodzi mu Januwale 2017 ali ndi zaka 105.

Wina angati anthu amenewo adayamba kalekale ndipo adasankhidwa chifukwa anali athanzi kale. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe amene akukupemphani kuti mufanane nawo. Iwo akungotisonyeza kuti denga lili kutali kuposa mmene timaganizira. Chimene chimatikhudza ife n'chakuti ngakhale anthu a zaka 60 kapena 70 amene adazolowera kungokhala, akayamba kulimbitsa thupi mwandondomeko, mtima ndi mapapo awo zimasintha m'miyezi yochepa. Ndipo njinga ili ndi ubwino umene kuthamanga kulibe: kulemera kwa thupi kumakhala pachishalo, osati pamawondo. Munthu wonenepa amene bondo limamuwawa akayenda pansi ola lathunthu amatha kupalasa ola lomwelo popanda vuto, ndipo kilogalamu iliyonse imene wachotsa imapeputsa bondo ndi pafupifupi makilogalamu anayi pa sitepe iliyonse akamayenda. Ku Britain, akatswiri a University of Glasgow adatsatira anthu oposa 260,000 ndipo mu 2017 adalengeza kuti amene ankapita kuntchito pa njinga anali ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi 41 peresenti poyerekeza ndi oyenda pa galimoto ndi basi. Kafukufuku wotere sangatsimikize kuti njinga yokha ndiyo idachititsa, koma akuloza kumene umboni wina wonse ukuloza. Akutiphunzitsanso kuti ulendo wa kumsika, kumunda, kutchalitchi kapena kumzikiti umawerengedwa, sikuti munthu achite kuvala zamasewera.

Yambani ndi chipatala, kenako njinga

Munthu wopitirira zaka 50 amene wakhala nthawi yaitali osapalasa ayambe wapita kuchipatala kukayezetsa BP, shuga ndi sikelo, n'kulemba zotsatirazo m'buku lake la kuchipatala. BP ikafika 180 pamwamba kapena 110 pansi, kupalasa kudikire mpaka mankhwala aitsitse. Amene ali ndi vuto la mtima, amene adadwalapo sitiroko, amene amatupa miyendo kapena kubanika akagona chagada, afunse adokotala asanakwere njinga. Mankhwala enanso amafuna kusamala. Jakisoni wa insulini ndi mapiritsi a glibenclamide akhoza kutsitsa shuga kwambiri munthu ali panjira, choncho wowagwiritsa ntchito asapalase asanadye, ndipo anyamule maswiti kapena shuga pang'ono. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kumva njala yadzidzidzi kapena kusokonezeka mutu, atsike n'kudya pomwepo. Mapiritsi a BP okodzetsa amafulumizitsa kutha kwa madzi m'thupi, pomwe atenolol ndi propranolol amachedwetsa mtima, kotero kuwerenga kugunda kwa mtima sikungakuuzeni mmene mwatopera. Kwa aliyense, kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wopita kudzanja, kukhosi kapena kuchibwano, chizungulire, ndi mtima wogunda mosalongosoka ndi zizindikiro zoti muime ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo, osati kulimba mtima kuti mukafike kunyumba.

Njinga yodula siyofunika. Yomwe ilipoyo ipite kwa wokonza njinga kuti aone mabuleki, tcheni, masipoko, matayala ndi belu. Chimene ambiri amalakwitsa ndi chishalo. Achikulire amakonda kuchitsitsa kuti mapazi onse azigunda pansi ali chikhalire, koma chishalo chotsika chimapinda bondo mopyola ndipo n'chimene chimabweretsa ululu kutsogolo kwa bondo. Poyeza, tsamirani khoma, khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo itatsika pansi penipeni, ndipo mwendo uwongoke. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lidzapindika pang'ono chabe. Ngati mukuopa kugwa, kwezani sentimita imodzi pa sabata mpaka mufike pamenepo. Chishalo chikhale chopingasa bwino, chosaloza kumwamba, ndipo handulo ikhale pamwamba ndithu kuti msana ndi khosi zisavutike. Njinga zopanda magiya, monga za Buffalo zimene zimalemera makilogalamu oposa 20, n'zabwino pamalo athyathyathya. Pachikweza chachikulu tsikani n'kukankha, pakuti kulimbana ndi pedulo yolemera kumaononga bondo, ndipo kukankhako ndi kulimbitsa thupi komwe. Ngati njinga ili ndi magiya, sankhani giya yopepuka kuti miyendo izizungulira mofulumira m'malo mopondereza mwamphamvu.

Kupalasa mofatsa ndiko kumapereka mpweya

Ambiri amaganiza kuti munthu akabwera thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba, ndiye kuti wapindula. Amatero masiku atatu, lachinayi miyendo yakana, njinga yabwerera kwa ana. Nyemba siziphikidwa ndi moto wa mapesi. Mpweya wopalasira mtunda wautali umamangidwa ndi liwiro limene munthu angathe kucheza ndi mnzake ziganizo zathunthu koma sangathe kuimba nyimbo bwinobwino. Pa liwiro limenelo thupi limachulukitsa timitsempha ta magazi m'minofu, limawonjezera tizigawo ta m'maselo timene timasandutsa chakudya ndi mpweya kukhala mphamvu, ndipo mtima umaphunzira kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. N'chifukwa chake pakapita miyezi ingapo mtima umagunda mofatsa munthu akapuma, ndipo kwa odwala BP nambala yapamwamba imatha kutsika ndi 5 mpaka 8. Palinso chifukwa china chodekhera. Mtima ndi mapapo zimazolowera m'masabata ochepa, koma mawondo, msana ndi mitsempha yolumikiza minofu ndi mafupa zimatenga miyezi. Munthu amayamba kumva kuti angathe zambiri pamene mawondo ake asanakonzeke, ndipo apa mpamene ambiri amavulalira.

Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mwapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kumeneko ndi kofikira, osati koyambira. Masabata awiri oyamba palasani mphindi 15 kapena 20, masiku atatu pa sabata, pamalo opanda zitunda, n'kusiya tsiku limodzi pakati. Werengani mphindi osati makilomita, chifukwa mchenga, mphepo ndi zitunda zimasintha kutalika kwa ulendo. Kuyambira sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi, onjezerani mphindi zisanu sabata iliyonse kufikira mphindi 35 kapena 40, ndipo miyendo ikalola onjezani tsiku lachinayi. Kuchokera pamenepo musatalikitse maulendo onse. Sankhani tsiku limodzi, monga Loweruka m'mawa, likhale la ulendo wautali, n'kumawonjezera mphindi 10 pa sabata mpaka ufike ola limodzi ndi mphindi 15, pomwe masiku enawo atsale pa mphindi 35. Pakutha kwa miyezi itatu mudzakhala mukupalasa maola atatu pa sabata, zimene zikukwaniritsa muyeso uja. Ulendo uliwonse uyambe ndi mphindi zisanu zofatsa kwambiri ndipo uthe chimodzimodzi, chifukwa kuima mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, makamaka kwa omwa mankhwala a BP.

Thupi sililimba pamene mukupalasa, limalimba pamene mukupuma, ndipo la munthu wamkulu limachedwa kudzikonza kuposa la mnyamata. Choncho sabata yachinayi iliyonse chepetsani maulendo onse ndi theka, muzigona mokwanira, ndipo mukadwala malungo kapena chimfine chotentha thupi musakwere njinga mpaka mutachira. Mukayambiranso, bwererani m'mbuyo sabata imodzi kapena ziwiri. Kuphwanya kwa minofu kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa, koma ululu wobaya m'bondo, kutupa, kapena kutopa kumene sikutha ngakhale mwagona, ndi chizindikiro chakuti mwafulumira. Ikatha miyezi itatu, ngati kuchipatala sadakuletseni, mungawonjezere tsiku limodzi pa sabata lokwera kachitunda mwamphamvu mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kupuma, n'kubwerezanso kanayi kapena kasanu. Tsiku limodzi n'lokwanira. Ena onsewo akhalebe ofatsa.

Njinga yokha sichotsa mimba

Apa mpamene ambiri amakhumudwira, choncho tiyeni tiwerengetsere. Mphamvu ya chakudya imayezedwa m'makalori, ndipo kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga pafupifupi makalori 7,700. Munthu wolemera makilogalamu 80 kapena 90 akapalasa mofatsa ola lathunthu amatentha pafupifupi makalori 400. Ndiye kuti kilogalamu imodzi imafuna maola oyandikira 20, amene ndi masabata oposa asanu ndi limodzi kwa wopalasa maola atatu pa sabata. Pomwe botolo limodzi la chakumwa chotsekemera cha mamililita 300 lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono asanu ndi atatu, ndipo likatsagana ndi mandasi awiri likhoza kubweza zonse zimene mwatentha ola lija. Thupi nalo limadziteteza: mukaligwiritsa ntchito limawonjezera njala ndipo limasunga mphamvu kwina. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake adayeza Ahadza a kumpoto kwa Tanzania, amene amayenda mitunda yaitali tsiku ndi tsiku posaka ndi kufuna chakudya, ndipo adapeza kuti, poganizira kukula kwa thupi, makalori amene amatentha pa tsiku sasiyana kwenikweni ndi a anthu a m'mizinda ya ku America ndi Ulaya. Wina angaloze anyamata a kabaza kuti bwanji iwo alibe mimba. Iwo amapalasa atanyamula munthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kawirikawiri atadya mochepa, ndipo umenewo si moyo umene munthu wa zaka 60 angautsanzire. Izi sizikutanthauza kuti njinga n'njopanda ntchito. Imalimbitsa mtima, imatsitsa shuga, imachepetsa mafuta a m'kati mwa mimba ngakhale sikelo isanasunthe, ndipo imathandiza kuti makilogalamu ochokawo asabwerere. Koma ntchito yaikulu yotsitsa sikelo ili m'mbale.

Kusintha mbale sikutanthauza kusala nsima kapena kugula zakudya zachilendo. Yambani ndi zimene zimalowa m'thupi osakhutitsa. Munthu amene amathira masupuni atatu a shuga m'kapu ya tiyi, kawiri pa tsiku, amamwa makalori pafupifupi 100 tsiku lililonse, amene pa mwezi amafanana ndi maola asanu ndi awiri a pa njinga. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapyole masupuni aang'ono 12 pa tsiku, ndipo n'kwabwino koposa kukhala pansi pa 6, kuphatikizapo wa m'thobwa, m'phala ndi m'zakumwa. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, choncho mafuta aziyezedwa ndi supuni m'malo mopungulira kuchokera m'botolo, ndipo tchipisi, mandasi, zitumbuwa ndi kanyenya wonona zikhale za mwa apo ndi apo. Mowa, kaya wa m'botolo, wamasese kapena kachasu, umanenepetsa mimba ndi kukweza BP. Zikatero yang'anani nsima: amene amadya mitanda itatu adye iwiri, ya mgaiwa ngati ingapezeke, ndipo malo a mtanda wochokawo alowe ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, mpiru kapena therere, zokwana theka la mbale. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amatiphunzitsa akhalepo onse, chimene chikusintha ndi kukula kwa gawo lililonse. Mchere usapyole supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, imene ndi pafupifupi magalamu 5. Ndi kusintha kotere thupi limatsika theka la kilogalamu pa sabata kapena kucheperapo, ndipo liwiro limenelo ndilo loyenera munthu wamkulu.

Chotsani mafuta, sungani minofu

Munthu akawonda mofulumira sataya mafuta okha, amatayanso minofu, ndipo wamkulu amavutika kwambiri kuti aibweze. Minofu ndiyo imamudzutsa pamphasa, imamugwira akapunthwa, ndiponso ndiyo imayamwa shuga wambiri wa m'magazi. Choncho pochepetsa nsima, shuga ndi mafuta, musachepetse zakudya zomanga thupi. Akatswiri a za ukalamba amalangiza galamu imodzi mpaka 1.2 ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku, kutanthauza magalamu 70 mpaka 84 kwa munthu wolemera makilogalamu 70. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, choncho n'zoonekeratu kuti ndiwo zongonunkhiritsa nsima sizikwanira. Usipa, matemba, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mazira, mkaka ndi nsinjiro zizipezeka pa chakudya chilichonse, kuyambira cha m'mawa, osati madzulo okha. Nsomba zing'onozing'ono zodyedwa ndi minga yomwe zimalimbitsanso mafupa. Odwala impso okha ndiwo ayenera kufunsa adokotala asanawonjezere zakudya zimenezi.

Njinga ili ndi malire ake: popeza thupi limakhala pachishalo, silimbitsa mafupa, manja ndi msana. N'chifukwa chake WHO imawonjezera masiku awiri pa sabata olimbitsa minofu, ndipo kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo masiku atatu ophunzira kusadzandira. Zimenezi zimatheka pakhonde. Khalani pampando n'kudzuka osagwira pena paliponse kakhumi, kankhani khoma ndi manja kakhumi, kwerani ndi kutsika sitepe ya pakhonde, nyamulani zigubu ziwiri za malita asanu n'kuyenda nazo msana uli chilili, imani ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma masekondi 20. Bwerezani zonsezo kawiri kapena katatu. Poyeza kupita patsogolo, sikelo ikwereni kamodzi pa sabata, m'mawa, tsiku lomwelomwelo, chifukwa madzi a m'thupi amaisuntha tsiku ndi tsiku. Tepi ya pamimba kamodzi pa mwezi, lamba amene wayamba kukhwepa, ndi chitunda chimene kale munkakankha koma lero mukukwera, ndi mboni zodalirika kuposa sikelo.

Zimene anthu amanena

Mantha aakulu ndi akuti, "Ndikawonda anthu adzati ndikudwala." Mantha amenewa sitingawanyoze, chifukwa dziko lathu lidadutsa m'zaka zimene kuwonda kunkalosera maliro, ndipo thupi lodzaza linkasonyeza kuti pakhomo pali mtendere. Koma kuwonda kwa matenda ndi kuchepetsa mafuta mwadala n'zosiyana. Wodwala amafooka, safuna chakudya, ndipo amachepa paliponse, pomwe wopalasa amachepa pamimba n'kumayenda mwamphamvu kuposa kale. Kusiyanaku kukhalenso chenjezo: kuwonda kosafuna, makamaka kotsagana ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, kukhoza kukhala TB, HIV, shuga kapena khansa, ndipo kumafuna chipatala. Amene akumwa ma ARV adziwe kuti mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene Malawi adayamba kuwagwiritsa ntchito kwambiri mu 2019, amanenepetsa anthu ena, makamaka amayi. Yankho si kusiya mankhwala ngakhale tsiku limodzi, koma kupalasa, kusamala mbale ndi kuuza adokotala. Ndipo wachikulire amene ndi wochepa thupi kale kapena wofooka apalase kuti alimbe, koma asachepetse chakudya.

Ena amati, "Ine ndimalima, masewera enanso a chiyani?" Khasu ndi ntchito yamphamvu ndithu, koma ndi ya nyengo. Tikakolola imabwera miyezi ya chakudya chochuluka ndi ntchito yochepa, ndipo m'miyezi imeneyo njinga imasunga zimene munda udamanga. Amayi ena amaona ngati sikoyenera kuti mayi wamkulu akwere njinga, chonsecho ziwerengero zija zikusonyeza kuti amayi ndiwo akhudzidwa kwambiri ndi kunenepa, ndipo m'madera ambiri a kuchigwa ndi m'mbali mwa nyanja amayi amapalasa kale popita kumsika ndi kuchipatala. Njinga yachikazi, buluku m'kati mwa chitenje, ndi kumanga chitenjecho kuti chisakodwe mu tcheni zimathetsa vutolo. Amene sadaphunzirepo aphunzire pabwalo la mpira, mwana kapena mdzukulu atagwira keliyala. Abambo ena amaopa kuti chishalo chiwachepetsa mphamvu za m'banja. Dzanzi likhoza kubwera ngati chishalo n'cholimba kapena choloza kumwamba, ndipo limatha mukachiwongola ndi kumadzuka pachishalo mphindi 10 zilizonse. Zimene zimaononga kwambiri mphamvu zimenezo ndi shuga, BP, fodya ndi kunenepa komwe.

Chodandaula cha msewu ndicho chili ndi maziko olimba, pakuti opalasa njinga amavulala ndi kufa m'misewu yathu, makamaka ikuluikulu monga M1 ndiponso kukamada. Sankhani misewu yafumbi ndi njira za m'midzi, palasani kumanzere, valani zowala, ikani zonyezimira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo musayende usiku wopanda nyali. Helimeti imachepetsa pafupifupi ndi theka chiopsezo chovulala mutu, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kugonekedwa m'chipatala. Dzuwa nalo ndi ngozi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapyola madigiri 40, palasani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Munthu wamkulu amachedwa kumva ludzu, choncho imwani madzi musananyamuke, nyamulani botolo, ndipo muzimwa pang'onopang'ono panjira. Ulendo wosakwana ola sufuna chakudya chapadera, koma pa ulendo wopitirira pamenepo nthochi imodzi kapena kambatata kophika n'kokwanira.

Ntchito ya banja lonse

Munthu mmodzi sangasinthe kadyedwe pakhomo pamene mphika ndi umodzi. Wophika akachepetsa mafuta, mchere ndi shuga achepetsere onse, chifukwa zimenezi n'zabwino kwa ana ndi zidzukulu zomwe, kungoti ana amene akukula, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asachepetsedwe chakudya. Wogawa chakudya asatenge mtanda wotsala ngati chipongwe, ndipo ana asamaseke bambo kapena mayi awo akabwera akukankha njinga. Pakhale mgwirizano wa maola amene njinga ndi ya agogo, ndipo ngati n'kotheka papezeke mnzawo wa msinkhu wawo woyenda naye, chifukwa ulendo wopangana ndi wina suphonyeka wamba ndipo pakagwa vuto pamakhala wothandiza. Sabata ino chitani zinthu zitatu: kayezetseni kuchipatala, konzetsani njinga, ndipo gulani kope lolembamo tsiku, mphindi zimene mwapalasa ndi muyeso wa pamimba. Ikatha miyezi itatu bwererani kuchipatala ndi kopelo. BP kapena shuga zikatsika, adokotala ndiwo angasinthe mlingo wa mankhwala, osati inu nokha. Ngati sikelo yatsika ndi makilogalamu atatu kapena anayi okha pomwe mukutha kupalasa ola lathunthu mukucheza, musadzione ngati mwachedwa. Mwachita zoyenera, ndipo chotsala n'kupitiriza chimodzimodzi chaka chonse ndi zaka zotsatira.